Kodi Matchaina ndi Aamerika ankafunako chiyani ku Burma kumene agogo anakamenya nkhondo?

Mdzukulu wa Keyala:
Moni nonse akuluakulu. Mwezi watha tikukonza m'nyumba ya malemu agogo anga aamuna tinapeza kachitini ka fodya, ndipo m'kati mwake munali mendulo yawo ya Burma Star, nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake katayamba kusuluka. Agogowo anali a Keyala (King's African Rifles) pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Tili ana ankatisimbira za chigwa cha Kabaw, za mvula yosakata, za misundu yolowa m'nsapato, ndiponso za matumba a chakudya ogwa kuchokera m'ndege. Ankanenanso kuti iwo anamva zoti chakumpoto kunali asilikali a ku China olamulidwa ndi mzungu wa ku America, komanso anthu akuda a ku America amene ankalambula msewu m'nkhalango ndi zimathirakitala zokankha dothi. Ine ndinkayesa kuti n'zongokometsera macheza a madzulo, pakuti chimene ndinkadziwa n'chakuti ku Burma kunali Angerezi ndi Majapani basi. Ndikupempha odziwa kuti andithandize: Matchaina ndi Aamerika ankafunako chiyani kumeneko?

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanawe, agogo anu sanawonjezerepo kanthu, koma kuti timvetse za Burma tiyenera kuyambira ku China. Nkhondo yaikulu ya China ndi Japan inabuka pa 7 Julayi 1937 pa mlatho wa Marco Polo pafupi ndi Beijing, kutatsala zaka zinayi ndi miyezi isanu kuti Majapani aphulitse Pearl Harbor. Pofika Okutobala 1938 Majapani anali atalanda Shanghai, Nanjing, Wuhan ndi Guangzhou, ndipo madoko akuluakulu pamodzi ndi mafakitale ambiri zinali m'manja mwawo. Boma la Chiang Kai-shek linasamukira kumtunda, ku Chongqing. Dziko limene lili pankhondo koma lilibe doko limafanana ndi munthu wogwidwa pakhosi, n'chifukwa chake anthu pafupifupi 200,000 anatenga makasu, mapiki ndi madengu, nakumba msewu wa makilomita oposa 1,100 wochokera ku Kunming kukafika ku Lashio m'dziko la Burma. Katundu ankatsitsidwa padoko la Rangoon, n'kukwezedwa m'sitima ya pamtunda mpaka ku Lashio, kenaka n'kulowa m'malole okwera mapiri a Yunnan. Njanji yochokera padoko la Haiphong ku Vietnam itatsekedwa mu 1940, msewuwu unatsala ngati mtsempha waukulu wa dzikolo. Majapani anaudula mu 1942: Rangoon inagwa mu Malichi, Lashio kumapeto kwa Epulo. Zonse zimene agogo anu anamva zinali ntchito yofuna kulumikiza chimene chinadukacho.

Namwino wa ku Ndola:
Zikomo aphunzitsi. Kuno ku Zambia mayina a nkhondo imeneyi timawatchula tsiku ndi tsiku osaganizira kumene anachokera. Ku Lusaka kuli msewu wotchedwa Burma Road ndi malo a asilikali a Arakan, ku Kabwe kuli Chindwin, ndipo kuno ku Ndola kuli Kalewa. Chimene sindinamvetse n'chakuti, zinatheka bwanji kuti munthu wa ku America azilamulira asilikali a dziko la eni?

Wophunzira Mbiri:
Amayi, munthuyo anali Joseph Stilwell. Ankalankhula Chitchaina ndipo anakhalapo ku China zaka zambiri. Kumayambiriro kwa 1942 boma la America la Pulezidenti Roosevelt linamutumiza kuti akakhale mkulu wothandiza Chiang pa zankhondo, komanso kuti aziyang'anira kagawidwe ka zida zimene America inkapereka. Maudindo awiriwa ndi amene anabala mkangano, chifukwa amene ankayenera kumvera Chiang ndi yemweyo amene anagwira kiyi wa nkhokwe.

Koma ndikupempha kuti tisayambe ndi Stilwell ngati kuti Matchaina ankadikira mzungu kuti adziwe kumenya nkhondo. Ku Shanghai mu 1937 analimbana ndi Majapani miyezi itatu, nataya asilikali awo ophunzitsidwa bwino koposa. Ku Taierzhuang mu 1938 anapambana poyera motsogozedwa ndi Li Zongren. Ndipo ku Burma komweko mu 1942, gulu la nambala 200 la Dai Anlan linagwira mzinda wa Toungoo kwa masiku oposa khumi lili lokha, pamene asilikali a Sun Li-jen anapulumutsa asilikali a Britain pafupifupi 7,000 amene anazingidwa ku zitsime za mafuta za Yenangyaung mu Epulo. Dai Anlan anavulazidwa pobwerera kwawo ndipo anamwalira m'njira mu Meyi. Zimenezi zimandikhudza chifukwa mabuku ambiri amene tinakula nawo sazitchula n'komwe.

Msilikali Wopuma:
Achemwali mwanena zoona, ndipo ndiwonjezere za kubwerera m'mbuyo kwa 1942, chifukwa ife amene tinavalapo yunifolomu timadziwa kuti gulu lankhondo limaonekera bwino pothawa kusiyana ndi popambana. Lashio itagwa, njira yobwerera ku China inatsekeka. Stilwell anasiyana ndi magulu amene ankawalamulira, nayenda wapansi ndi anthu oposa 100 mpaka ku India. Ku America anamutama kwambiri chifukwa sanataye munthu ndi mmodzi yemwe pa ulendowo, koma kwa Chiang chimene chinaoneka n'chakuti mkulu wa nkhondo wasiya asilikali ake zikwizikwi opanda wowauza kolowera. Sun Li-jen anatulutsa gulu lake mwadongosolo kupita ku India. Mkulu wina wa asilikali a China, Du Yuming, analowetsa anthu ake m'nkhalango za kumpoto mvula itayamba, ndipo ochuluka zedi anafa ndi njala ndi malungo, osati ndi zipolopolo. Majapani anaimitsidwa pa mtsinje wa Salween, Matchaina ataphulitsa mlatho wa Huitong. Kuyambira pamenepo Chiang ndi Stilwell sanakhulupiriranenso, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi.

Amene anafika ku India anasonkhanitsidwa ku Ramgarh, kumene nthawi imeneyo kunali m'chigawo cha Bihar. Kumeneko anadya mokwanira, analandira malipiro awo m'manja, anapatsidwa mankhwala, mfuti ndi mizinga, ndipo ena ambiri anabwera nawo pa ndege kuchokera ku China. Amenewa ndiwo Matchaina amene agogo a mnzathuyu anamva mbiri yawo.

Dalaivala wa Malole:
Akuluakulu, ine ntchito yanga ndi ya pamsewu, ndipo nkhani ya msewu wa Ledo ndinaiwerenga ndi maso a dalaivala. Ndinagonapo masiku atatu pamalo amodzi nthawi ya dzinja, lole itamira mpaka m'ma ekiselo, ndikuyang'ana mtsinje utakokolola mlatho. Tsono ndikaganiza za anthu amene anayamba msewu wopita ku China kuchokera ku Ledo, m'chigawo cha Assam ku India, mu Disembala 1942, n'kuukweza pa mpata wa Pangsau ndi kuutsitsira m'chigwa cha Hukawng kumene mvula imagwa miyezi yathunthu, mtima umandiwawa. Mwa asilikali a ku America pafupifupi 15,000 amene anagwira ntchitoyo, oposa theka anali akuda, okhala m'magulu awoawo olamulidwa kawirikawiri ndi azungu, monga momwe zinalili ku Keyala. Pamodzi nawo panali antchito zikwi zambiri a ku India, Burma ndi China. Aamerika oposa 1,100 anafera pa ntchitoyo.

Funso langa ndi ili. Malole oyamba 113 ananyamuka ku Ledo pa 12 Januwale 1945 ndipo anafika ku Kunming pa 4 Febuluwale, nkhondo itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mu Julayi 1945 ndege zinanyamula matani pafupifupi 71,000 kupita ku China, pamene msewu unapititsa matani ngati 6,000. Bwana aliyense wa kampani ya mtengatenga ataona ziwerengero zotere anganene kuti ndalama zalowa m'madzi. Kodi anthu onsewa sanafere msewu umene sunafunike?

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene, funso lanu ndi lolemera, ndipo Churchill mwiniwake, nduna yaikulu ya Britain, ankakayikira msewuwo usanathe. Komabe ziwerengero ziwiri mwatchulazo sizinabadwe padera. Ndege zonyamula katundu zinayamba kuuluka mu Epulo 1942 kuchokera ku Assam kupita ku Kunming, kudutsa pamwamba pa mapiri amene oyendetsa ndege anawatcha Hump, kutanthauza linunda. Zinkakakamizika kudzera kumpoto, kumene mapiri ndi aatali kwambiri ndipo mphepo, mitambo ndi madzi oundana pamapiko zinkagwetsa ndege, chifukwa chakummwera, pa bwalo la ndege la Myitkyina m'dziko la Burma, panali ndege zankhondo za Japan zodikira. Pa nkhondo yonse ndege pafupifupi 600 zinatayika pa njirayo pamodzi ndi anthu oposa 1,600. Myitkyina italandidwa mu 1944, ndege zinayamba kudzera njira ya kummwera, yotsika ndi yaifupi, ndipo katundu anachuluka mofulumira. Choncho nkhondo yomenyera msewu ndi imene inathandiza kutsegula thambo. Tiwerengenso mapaipi a mafuta amene anayalidwa m'mbali mwa msewuwo, pakuti mafuta ndiwo anali katundu wovuta koposa kunyamula pa ndege. Ndikuvomera kuti msewu weniweniwo unafika mochedwa, koma sindinganene kuti kumenyera kumpoto kwa Burma kunali kwachabe.

Msilikali Wopuma:
Popeza aphunzitsi atchula Myitkyina, ndiloleni ndifotokoze mmene inalandidwira, chifukwa mtengo wake sunali wochepa. Kuyambira kumapeto kwa 1943 Matchaina a ku Ramgarh ankakankha gulu la nambala 18 la Japan, lotsogozedwa ndi Tanaka Shinichi, kutsika chigwa cha Hukawng, omanga msewu akuwatsatira pambuyo. Mu Febuluwale 1944 kunabwera asilikali oyenda pansi a ku America osakwana 3,000, odziwika ndi dzina la mkulu wawo Frank Merrill. Ntchito yawo inali kuzungulira m'nkhalango ndi nyulu zawo n'kukatsekera Majapani njira kumbuyo, pamene Matchaina akukankha kutsogolo. Anachita zimenezi ku Walawbum ndi ku Shaduzup, ndipo ku Nhpum Ga ena a iwo anazingidwa pafupifupi milungu iwiri. Amene ankawaonetsa njira anali Akachin, eni mapiriwo, amene popanda iwo alendowo akanasochera sabata yoyamba.

Atatopa kale kotheratu, Stilwell anawatumanso kuti awoloke mapiri a Kumon pamodzi ndi magulu a Matchaina, ndipo pa 17 Meyi 1944 analanda bwalo la ndege la Myitkyina modzidzimutsa. Cholakwa chinabwera pambuyo pake. Mzinda weniweniwo sanaulande msanga, magulu ena a Matchaina anawomberana okhaokha m'chisokonezo, Majapani anapeza mpata wokumba maenje obisalamo ndi kulandira anzawo, ndipo chimene chinkaoneka ngati ntchito ya masiku ochepa chinatenga miyezi iwiri ndi theka mumvula. Mzindawo unagwa pa 3 Ogasiti. Matchaina oposa 4,000 anaphedwa kapena kuvulala, ndipo mwa anthu a Merrill amene analowa mu Burma, pafupifupi 200 okha ndi amene anali adakalipo. Mkulu wa nkhondo amene amagwiritsa ntchito gulu mpaka litatheratu, ine sindingamutame, ngakhale atapambana.

Namwino wa ku Ndola:
Bambo, zimene mwanenazi zikugwirizana ndi zimene ndinawerenga pa mbali ya matenda. Adani aakulu m'nkhalango zimenezo anali malungo, kamwazi, zilonda zosapola zoyamba ndi misundu, ndi nthenda ya typhus yofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'udzu, imene nthawi imeneyo inalibe mankhwala enieni. Asilikali ankamwa mapiritsi a mepacrine tsiku lililonse, amene ankasandutsa khungu kukhala lachikasu. Ku Myitkyina ena a Merrill anafika podula kumbuyo kwa mathalauza awo chifukwa cha kamwazi, kuti athe kukhalabe pamfuti. Ine amene ndasamalirapo wodwala kamwazi usiku wonse ndikudziwa kuti munthu wotere sangathe ngakhale kunyamula ndowa ya madzi.

Ndikufuna titchulenso anamwino. Dokotala wa mishoni Gordon Seagrave anali ndi chipatala ku Namkham, kumene anaphunzitsa atsikana Achikachin, Achikaren ndi Achishan. Atsikanawa ankathandiza pa maopaleshoni a asilikali a China pansi pa mahema ndi m'zisakasa, ndipo ena mwa iwo anali m'gulu lija limene linayenda wapansi ndi Stilwell kupita ku India.

Wophunzira Mbiri:
Aphunzitsi, ndikulemekeza zimene mwayankha a dalaivala, koma ndikuona kuti tikuyang'ana Burma yokha pamene nyumba inkapsa ku China. Mu Epulo 1944, mwezi umodzi Myitkyina isanafikidwe, Japan inayamba nkhondo yaikulu koposa zonse zimene inamenya pamtunda, yotchedwa Ichi-Go, ndi asilikali pafupifupi 500,000. Cholinga chinali kutsegula njanji yochokera kumpoto kwa China kukafika ku Indochina, ndi kulanda mabwalo a ndege amene ndege za America zolamulidwa ndi Claire Chennault zinkaulukirapo pophulitsa sitima ndi misasa ya Majapani. Luoyang inagwa mu Meyi. Changsha, imene mkulu wa asilikali Xue Yue anaiteteza katatu m'zaka za m'mbuyo, inagwa mu Juni. Ku Hengyang, Fang Xianjue ndi asilikali pafupifupi 17,000 anapirira masiku 47 atazingidwa, mpaka pa 8 Ogasiti. Guilin ndi Liuzhou zinagwa mu Novembala, pamodzi ndi mabwalo ake a ndege.

Nthawi yomweyo magulu a China amene anali ndi zida zabwino anali ku Burma ndi ku malire a Yunnan. Chiang sankafuna kutumiza asilikali a ku Yunnan kuwoloka Salween, koma America inamuopseza kuti isiya kupereka zida, ndipo anawoloka mu Meyi 1944 motsogozedwa ndi Wei Lihuang. Katundu wambiri wa pa Hump ankapita ku ndege za Aamerika, kuphatikizapo ndege zikuluzikulu za B-29 za ku Chengdu, zimene mafuta ake ankadya mafuta ena ochuluka kuti angofika kumeneko. Msilikali wamba wa ku Hunan sanalawepo kanthu. Ine ndikuona kuti China inalipira msewu wa Ledo ndi zigawo zake zobala mpunga.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, mwaika mfundo yolimba, ndipo theka lake ndikulivomera popanda kutsutsa. Theka linalo tisalisenzetse Stilwell yekha. Chiang ankamukayikira Xue Yue ndipo sanafune kuti zida zimufikire, poopa kuti mawa angamuukire. Anasunganso asilikali ambiri kumpoto kuti azilonda Achikomyunizimu a Mao Zedong ku Yan'an. Ndipo ku Henan, kumene njala ya 1942 ndi 1943 inapha anthu ochuluka kwambiri boma likutolerabe msonkho wa chakudya, alimi anaukira asilikali a boma olamulidwa ndi Tang Enbo pamene ankathawa Majapani, nawalanda mfuti. Gulu lankhondo likafika podedwa ndi anthu ake omwe, zida zochokera kunja sizingalichiritse msanga. Komanso n'zoona kuti dziko limene lamenya nkhondo zaka zisanu ndi ziwiri, lopanda doko, ndalama yake itatha mphamvu, silikanatha kudyetsa bwino asilikali mamiliyoni. Ndimaona anthu akufulumira kunena kuti Chiang anali wakatangale kapena kuti Stilwell anali wamwano, ngati kuti chimodzi chikakhala choona chinacho chiyenera kukhala chabodza.

Zinafika pa mwana wakana phala mu Seputembala 1944, pamene Roosevelt analemba uthenga wolamula kuti Stilwell apatsidwe ulamuliro pa asilikali onse a China, ndipo Stilwell anakaupereka yekha m'manja mwa Chiang. Mtsogoleri wa dziko limene linazunzika zaka zambiri ndi mapangano okakamizidwa ndi azungu sakanalola zimenezo. Chiang anaumirira kuti munthuyo achoke, ndipo mu Okutobala Stilwell anaitanidwa kwawo, m'malo mwake kunabwera Albert Wedemeyer.

Msilikali Wopuma:
Pa asilikali aja anawoloka Salween, ndisasiye osanena za phiri la Song, chifukwa pamenepo m'pamene tingaone mtundu wa mdani amene onsewa, kuphatikizapo a Keyala, ankakumana naye. Phirili limayang'ana msewu wa Burma pamene ukutsikira ku mtsinje, ndipo Majapani pafupifupi 1,200 anakhala zaka ziwiri akulikumba, kumanga zipinda zapansi zofoleredwa ndi mitengo, zitsulo ndi dothi, zolumikizana ndi ngalande. Mizinga ndi mabomba a ndege sizinaphule kanthu. Kuyambira mu Juni 1944 Matchaina ankakwera phirilo gulu ndi gulu, namagwa. Potsiriza anakumba mapanga awiri kulowa pansi pa linga la pansonga, naikamo matani atatu a zophulitsa zochokera kwa Aamerika, ndipo pa 20 Ogasiti nsonga ya phiri inanyamuka. Ngakhale zinatero, nkhondo inapitirira mpaka pa 7 Seputembala. Majapani pafupifupi onse anafera pomwepo, ndipo Matchaina oposa 7,000 anaphedwa kapena kuvulala. Mzinda wa Tengchong unalandidwa sabata yotsatira, nyumba ndi nyumba, utasanduka bwinja. Magulu a ku Yunnan ndi a ku Ramgarh anakumana mu Januwale 1945, ndipo m'pamene malole a dalaivala aja anapeza podutsa.

Dalaivala wa Malole:
Ndamva, akuluakulu, ndipo za bwalo la Myitkyina sindinaziganizire. Komabe ndikakumbukira kuti Japan inagonjetsedwa kuchokera kunyanja, Aamerika atalanda Saipan ndi zilumba zina n'kusamutsirako ndege zija za B-29, mtima wanga ukadali kumbali ya achemwali aja.

Wophunzira Mbiri:
Achimwene, n'zoona kuti nkhonya yomaliza inachokera kunyanja, koma pamene Japan inkagonja mu Ogasiti 1945 inali ndi asilikali oposa miliyoni imodzi m'dziko la China, osawerengera a ku Manchuria. Anthu amenewo akanakhala omasuka, akanatumizidwa ku zilumba kapena ku India. Chimene America inkafuna pa Hump ndi pa msewu chinali chakuti China isagwe, ipitirize kugwira miyendo ya gulu lalikululo. China sinagwe, koma akatswiri a mbiri amawerengera kuti anthu ake amene anafa pa zaka zisanu ndi zitatuzo ndi osachepera 14 miliyoni, ambiri mwa iwo anthu wamba.

Mdzukulu wa Keyala:
Ndathokoza nonse, makamaka aphunzitsi ndi bambo athu a usilikali. Ndakhala ndikuyerekeza masiku amene mwatchula ndi a gulu la agogo. Gulu la 11 la East Africa linalowa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti 1944, mvula ili pakati, kutsatira Majapani amene anagonja ku Imphal ndi ku Kohima m'dziko la India, ndipo linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Ndiye kuti mwezi umene agogo anayamba kuponda matope a Kabaw ndi womwewo umene Myitkyina inagwa, Hengyang inagonja, ndipo nsonga ya phiri la Song inaphulika. Iwo sanadziwe mayina amenewa, koma za mapiritsi achikasu amene amayi anamwino atchula ankazinena ndithu, ndipo ankati sajeni ankaima pamzere mpaka aliyense atameza. M'kachitini muja mulinso kapepala kopindapinda kamene sitinakatambasule poopa kuti kangang'ambike. Loweruka ndipita nako kwa azakhali ku Zomba kuti tikakatsegule pamodzi mosamala, tione ngati nambala ya bataliyoni yawo ikuwerengeka.